Nkhope Yachisanu ndi Chimodzi

Aliyense amene ankagula ndiwo pamsika wa Chawama m'zaka zimenezo ankawadziwa ba Whyson Chikuse, ngakhale amene sanawaonepo maso ndi maso. Ankawadziwira kukhoma. Kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka, nyundo yawo inkalira pa chidutswa cha njanji kumapeto kwa mzere wa ogulitsa makala: ngwe, ngwe, kenaka kupuma, kenaka ngwengwengwe.

Anali munthu wamfupi, wa manja aakulu ngati obwereka kwa munthu wina. Bambo awo anachoka ku Ntcheu wapansi kukafuna ntchito kumigodi, koma ulendo unathera mu Lusaka, kumene anakalambira akukhoma ndowa. Whyson anakulira pakati pa malata, moti pofika zaka khumi ndi ziwiri ankatha kuyang'ana lata lathyathyathya n'kuona ndowa ili m'menemo isanadulidwe. Atakula analembedwa ntchito pa kampani ina ya boma yopanga ziwiya zachitsulo, ndipo anagwirako zaka makumi awiri ndi chimodzi. Mu 1993 kampaniyo inagulitsidwa, eni atsopano anakhoma geti, ba Whyson n'kubwerera kunyumba akukankha wilibala. M'wilibalamo munali ovololo, sizasi ya malata ndi chidutswa cha njanji chija.

Sanadandaule nthawi yaitali. Ndowa za pulasitiki zinali zitadzaza kale tauni yonse, zofiira, zobiriwira, zopepuka ngati tsamba. Iwo anangoti, "Pulasitiki sikhala pamoto," n'kuyamba kukhoma mbaula. Anawonjeza mafanelo a ogulitsa palafini, nyale za m'zitini, ndi zomwera nkhuku, popeza aliyense wochotsedwa ntchito anali atayamba kuweta nkhuku kuseri kwa nyumba.

Chaka chotsatira mkazi wawo Chrissie anamwalira. Ana aamuna awiri anali atapita kale ku Kitwe. M'nyumba ya zipinda ziwiri munatsala iwo ndi chitsiriza wawo, mwana wamkazi, Ndaona.

Ndaona anali atamaliza giredi 12 ndipo masamu ankawamwa ngati madzi. Ntchito kunalibe. Ankaphunzitsa pa sukulu imene makolo anayambitsa m'tchalitchi, ya ana amene analephera kulowa sukulu za boma chifukwa chosowa yunifolomu ndi nsapato. Lamulungu mabenchi ankayang'ana kuguwa, Lolemba ankawatembenuza kuyang'ana thabwa lopakidwa zakuda za m'mabatire. Kalasi yake inali giredi 7, ana makumi anayi ndi atatu, ena aatali kumposa iye.

Mu Seputembala wa 1997 mpingo unapeza malo amodzi ku koleji ya aphunzitsi ku Chipata. Amodzi okha. Oyenera anali awiri: Ndaona ndi mphunzitsi mnzake Lazarous. Akuluakulu, poopa kunenedwa kuti akondera, anaitana ba Mwape, mayi amene anayendera masukulu zaka zambiri asanapume pantchito, kuti adzakhale m'kalasi ya aliyense n'kusankha yekha. Lazarous anapatsidwa Lachiwiri, Ndaona Lachinayi. Wosankhidwa akanakhala mphunzitsi wa satifiketi. Wotsala akanapitiriza kudikira, osadziwa kuti mwayi wina udzabwera liti.

Lolemba masana Ndaona anafika pa malo a bambo ake atanyamula buku la masamu lopanda chikuto.

"Atate, ndili pa vuto."

"Vuto lobwera ndi buku si vuto," anatero ba Whyson osakweza mutu. "Khala apo. Samala, lata limenelo likuluma."

Ndaona anafotokoza. Phunziro la Lachinayi linali la zinthu zogwirika, zokhala ndi utali, mulifupi ndi msinkhu: kuzidziwa mayina, kuwerenga nkhope zake, misoko yake ndi nsonga zake, ndi kuziika m'mabanja. M'mawa wa Lolemba lomwelo anayesa kujambula kiyubu, kabokosi ka mbali zofanana, pa thabwa lija. Mnyamata wina wa pakamwa pothwa, Dyton, anakweza dzanja n'kunena kuti, "Ba ticha, iyo ni windo yopindika." Atajambula silinda, yonga chitini, ana anati ndi mazira awiri omangidwa ndi ndodo.

"Sakunama," anatero Ndaona. "Pa thabwa zonse ndi zathyathyathya. Ndikuwauza kuti kuseri kuli nkhope ina, iwo akuona khoma."

Ba Felistus, amene ankakazinga zitumbuwa pafupi pomwepo ndipo khutu lawo silinkapumula, anaponyamo mawu. "Bana ba masiku ano! Muziwakwapula chabe, bazaiona iyo nkhope."

Ba Whyson anapukuta manja pa ovololo, natenga bukulo, naliika patali ndi maso.

"Aka ndi kabokosi. Ili ndi bokosi lalitali. Ichi ndi chitini. Iyi ndi fanelo. Ili ndi denga la nkhokwe ya azungu, ndipo aka ndi kamsasa ka nkhuku. Nanga mayina onsewa anavutikiranji?"

"Mundipangire, Atate. Zazikulu, zoti mwana wa kumbuyo aone. Monga zilili m'bukumu. Zotseka mbali zonse."

"Lachitatu masana uzapeze zatha."

Masiku awiri amenewo ba Whyson sanakhome mbaula ngakhale imodzi. Anatulutsa lata latsopano limene ankasungira ndowa ya ukwati wa mwana wa mnzawo, osati zitini zakale za mafuta. Analiyala pansi, natenga msomali, nayamba kukanda mizere. Umu ndi mmene bambo awo anawaphunzitsira: chinthu chilichonse chimayamba chitagona chagada, manja ndi miyendo zili tambasu, ndipo ntchito ya mmisiri ndi kuchidzutsa. Kiyubu itagona inkaoneka ngati mtanda. Silinda inali chinsalu chimodzi chachitali ndi kabwalo. Anadula, anapinda pa njanji, anakulunga pa paipi, anawotcherera misoko ndi mtovu. M'milomo monse anapindiramo waya kuti zala za ana zisachekeke. Pa silinda anaikapo ndi chogwirira chomwe, chifukwa anaona kuti mwana wamng'ono angaigwetse.

Panali patapita nthawi asanasangalale ndi ntchito chotero. Ba Felistus anawamva akuimba nyimbo ya kwaya, nawafunsa ngati apeza mkazi.

Lachitatu masana Ndaona anapeza zinthu zisanu ndi chimodzi zitandandalikidwa pa thumba, zikung'anima padzuwa. Anaomba m'manja ngati kamwana. Ananyamula kiyubu, naitembenuza, ndipo dzanja lake linalowa m'kati mpaka pa mkono.

"Atate, pamwamba pake pali kuti?"

"Pamenepo ndi pakamwa."

Anayang'ana zinazo. Bokosi lalitali linali losatseka. Silinda inali kapu yaikulu. Koni, fanelo ija, ndi piramidi, denga lija, zinalibe pansi. Kamsasa kaja, kamene buku limatchula pulizimu, kanali kotseka mbali imodzi, inayo ili yasa.

"Kiyubu ili ndi nkhope zisanu ndi imodzi," anatero Ndaona. "Iyi ili ndi zisanu. Ana akawerenga zisanu pamaso pa ba Mwape, ndiye kuti ndawaphunzitsa bodza."

"Chinthu chopanda pakamwa n'chantchito yanji? Madzi uthiramo bwanji?"

"Si zothiramo madzi!"

"Nanga ufa?"

"Atate!"

"Ngati simuifuna iyo kapu, nipatseni ine," anatero ba Felistus. "Nizipimira fulawa."

Palibe anaseka. Ndaona anakhala pa njanji, kiyubu ili pamiyendo.

"Munandimva," anatero motsitsa. "Ndinati zotseka mbali zonse. Munandimva, si choncho?"

Ba Whyson anali atamva. Lachiwiri m'mawa anali atadula nkhope yachisanu ndi chimodzi ya kiyubu, naiyika pamalo pake, ndipo inakhala bwinobwino osasiya mpata ngakhale wa tsitsi. Anaika chitsulo chowotcherera pamakala mpaka chinatentha. Atachinyamula, dzanja linakana. Anachibwezera pamoto, nayesanso, dzanja linakananso. Ndiye anataya kalatako pansi pa tebulo, nadziuza kuti buku ndilo lalakwitsa.

M'moyo wawo wonse wa malata anali atatsekapo chinthu chimodzi chokha mbali zonse. Chrissie, ali pa mphasa akudwala, anapempha kuti akagone kwawo ku Mlangeni, pafupi ndi amayi ake. Kuti maliro adutse pa chipata cha dziko, ba Whyson anauzidwa kuti m'kati mwa bokosi mukhale lata lotsekedwa ndi mtovu, losalowa mpweya. Panali anthu ochita ntchito imeneyo, koma ba Whyson anakana kuti mlendo amutsekere mkazi wawo. Anayatsa okha mbaula kuseri kwa nyumba, dzuwa likuswa mtengo, azimayi akuimba kutsogolo. Anayendetsa chitsulo msoko woyamba, wachiwiri, wachitatu. Wachinayi anautsiriza osaona bwino, koma sunadonthe.

"Ndinatsekapo chimodzi chokha, mayi," anatero tsopano, akuyang'ana nyundo. "Unalipo."

Ndaona anayang'ana kiyubu imene inali pamiyendo pake. Kenaka anaika kiyubu ija pansi mofatsa, ngati ili ndi mazira.

"Zisiyeni chomwecho, Atate. N'zokongola. Ndimata mapepala pakamwapo, ndi phala. Ana sadziwa."

Analonga zonse m'thumba n'kupita. Sanatchulenso nkhaniyo kunyumba, ndipo m'mawa mwake analawira bambo ake asanamalize kusukusula.

Ba Whyson anafika pamsika, natenga mbaula yosatha, naiyang'ana, naibwezera. Ankalidziwa phala. Ankalidziwanso lata pa dzuwa la Seputembala. Pepala lomatidwa ndi phala pa lata lotentha silikhala. Anagwada, nakoka kalata kaja pansi pa tebulo, nakapukuta fumbi. Miyeso ya zinazo inali m'mutu. Anadula msangamsanga: cha ngodya zinayi chachitali, chinanso cha piramidi, cha ngodya zitatu, mabwalo awiri osiyana kukula. Anaponya zonse m'thumba, nakweza mbaula yoyaka kale pa wilibala, pamodzi ndi chitsulo, mtovu ndi kabotolo ka asidi.

"Muyenda kuti na moto?" anafuula ba Felistus.

"Kusukulu."

"Pa ukalamba uwu? Bazakuikani giredi wani!"

Ankaganiza kuti akafika phunziro lisanayambe, akatsekere kuseri kwa tchalitchi popanda woona, dzanja lifune lisafune. Koma njira ya ku tchalitchi inali ya maenje, ndipo minibasi ina inali itafera pakati pa msewu, anthu akuikankha. Pamene ankafika, m'kati munali mutayamba kale.

Anaima pa khoma, pafupi ndi zenera la njerwa zobowola, nasuzumira. Kumbuyo kwa kalasi kunakhala mayi wa imvi, wa magalasi, kope lili pabondo. Kutsogolo kunali Ndaona, atavala siketi ya malemu amayi ake. Kiyubu inali m'manja mwa Dyton, ndipo pepala lija linali litamatuka kale, likulendewera mbali imodzi ngati lilime la galu.

"Werenga nkhope," anatero Ndaona.

Dyton anagunda mbali iliyonse ndi chala, ana onse akuwerenga naye. Atafika pamwamba anasolola pepalalo, nalowetsa chibakera m'kati.

"Zisanu, ba ticha! Apa ni pa mphako."

Kalasi yonse inaseka. Ba Mwape anaweramira pa kope n'kulemba kanthu. Ba Whyson anafuna kulowa, koma anadziyang'ana: ovololo ya mabowo, manja akuda bii. Munthu ungalowe bwanji chotero pa mayeso a mwana wako?

Ndaona anatembenukira kuzenera ngati wofuna mpweya, ndipo maso ake anakumana ndi a bambo ake. Anaona thumba m'manja mwawo, anaona utsi wa mbaula.

"Zisanu," anatero, akutembenukira kwa ana. "Mwawerenga bwino. Kiyubu iyi sinathe. Ikusowa chiyani?"

Ana anayang'anana. Mtsikana wina wamtali wa pa benchi lomaliza, Exildah, amene ankabwera kusukulu atagulitsa kaye mtedza m'mawa, anayankha osakweza dzanja.

"Chivundikiro."

"Chooneka bwanji?"

"Monga pansi pake. Ndendende."

"Atate," anatero Ndaona mokweza, "lowani."

Ba Whyson anavula kapusi, nati "Odi" pakhomo ngati akulowa m'nyumba ya apongozi. Ana ena anayamba kunong'onezana kuti, "Ni ba mbaula, ni ba mbaula." Ndaona analandira thumba lija ndi manja awiri, nakhuthulira malata onse pansi pa simenti. Kenaka anagawa ana m'magulu asanu ndi limodzi, gulu lililonse ndi chinthu chake, nawauza kuti apeze nkhope imene ikusowa.

Munali phokoso ngati pa siteshoni. A silinda anatenga bwalo lalikulu, linakana, nakalanda laling'ono kwa a koni. A piramidi ndi a kiyubu anakangana chifukwa onse ankafuna cha ngodya zinayi, mpaka anayeza ndi chingwe cha nsapato n'kupeza kuti china n'chokulirapo. Ba Whyson anaima pakona, kapusi ili pachifuwa, akudziletsa kuloza.

Zonse zitapeza eni ake, Ndaona anati aziike pa benchi lakutsogolo m'mabanja, monga iwo aonera. Exildah anapita, nakankhira zinayi mbali imodzi, ziwiri mbali ina.

"Chifukwa chiyani?" anafunsa Ndaona.

"Ivi vili na mapasa," anatero Exildah, akugwira pamwamba ndi pansi pa silinda. "Chivundikiro na pansi ni vimodzi. Ivi viwiri vilibe mapasa. Vinathera pa nsonga."

Ndaona analemba mayina a mabanjawo m'Chingerezi pa thabwa, ana nawatchula katatu. Kenaka anatembenukira kwa bambo ake, nawafunsa ngati iwo amazigawa chomwecho pantchito yawo.

Ba Whyson anakhosomola. Sanayankhulepo m'kalasi chisiyireni sukulu.

"Ine ndimazigawa pawiri, koma mosiyana," anatero. "Pali zopinda ndi zokulunga. Izi zinayi ndinazipinda pa njanji, n'chifukwa chake nkhope zake zili see. Izi ziwiri ndinazikulunga pa paipi. Chimene munthu anakulunga sichiiwala. Ukachiika pansi chimafuna kuyenda."

Dyton sanadikire kuuzidwa. Anagoneka silinda pansi n'kuikankha. Inagubuduka pang'ono, chogwirira chija n'kuiimitsa, ana n'kufa ndi phwete. Anagoneka koni, ndipo inazungulira pamalo amodzi n'kubwerera pamene inayambira.

"Iyi yamwa kachasu!"

Ngakhale ba Mwape anabisa pakamwa ndi kope. Ndaona anatulutsa mpira wa mphira m'chikwama, nafunsa kuti nanga uwu uli m'banja liti. Ana anati ulibe msoko, ulibe nsonga, ndi wamasiye. Wina anafunsa chifukwa chake ba mbaula sanapange wa lata.

"Lata limakana," anatero ba Whyson. "Limalola kupindika njira imodzi, osati zonse nthawi imodzi. Ndinayesapo ndili mnyamata. Bambo anga anandiseka sabata yathunthu."

Pamenepo ba Mwape anayankhula koyamba. Mawu awo anali ofewa koma osafuna kubwereza.

"Aphunzitsi, mwawauza ana kuti kiyubu sinathe. Ikhala yosatha?"

"Tsekani! Tsekani!" anayamba kuimba ana.

Ndaona anayang'ana bambo ake. Sanawapemphe ndi pakamwa, ndipo maso ake ankanena kuti akakana sawaimba mlandu. Ba Whyson anavala kapusi, natenga kiyubu ndi chivundikiro chake, natuluka. Kalasi yonse inawatsatira.

Anakhala pansi pafupi ndi wilibala, ana atazungulira patali pang'ono monga Ndaona anawalamulira. Anakupiza makala. Anapaka asidi m'milomo ya lata ndi nthenga ya nkhuku. Anaika chivundikiro, nanyamula chitsulo. Dzuwa linali lomwe lija, fungo la asidi lomwe lija. Dzanja linakananso, chitsulo n'kuima m'malere pamwamba pa lata. Anamva Ndaona akusendera pafupi.

"Imani, ba tate!" Anali Exildah. "Muzatseka chilibe kanthu mukati? Chizakhala chabe zii?"

Asanayankhe, mtsikanayo anapisa m'thumba la diresi, natulutsa kamwala kosalala, ka masewera a chiyato amene atsikana ankasewera pa nthawi yopuma. Anatukula chivundikiro n'kuponyamo. Kanalira kuti ngwii. Pomwepo aliyense anayamba kutola miyala.

"Ayi, ayi," anatero Ndaona, akutambasula manja. "Mwala umodzi pa nsonga iliyonse. Nsonga zilipo zingati? Werengani kaye."

Anawerenga, anakangana, anawerenganso. Zinayi pansi, zinayi pamwamba. Ana asanu ndi awiri anawonjeza miyala yawo pa wa Exildah, wina aliyense akugwira nsonga yake asanaponye.

Ba Whyson anasuzumira m'katimo. Timiyala tisanu ndi titatu, tina ta fumbi, kamodzi kosalala. Anabwezera chivundikiro. Chitsulo chinali chitazizira, ndiye anachitenthetsanso, ndipo podikira anapeza kuti akupuma bwino.

"Misoko yatha kale ndi ingati?" anafunsa Ndaona.

"Isanu ndi itatu!"

"Tiyeni nawo."

Chitsulo chinakhudza mtovu, mtovu unasungunuka n'kutsatira nsonga ngati kamtsinje kowala. Ana anafuula wachisanu ndi chinayi. Ba Whyson anatembenuza kiyubu, timiyala tinagubuduka m'kati. Wakhumi. Anatembenuzanso. Pa msoko wotsiriza maso anachita chifunga, koma khutu linkamva timiyala tija tikusuntha, ndi mawu makumi anayi ndi atatu akudikira kufuula.

"Khumi ndi iwiri!"

Anaipemerera, naipukuta ndi chiguduli, naipereka kwa Exildah. Mtsikanayo anaigwedeza pafupi ndi khutu, wayawayawaya, ndipo inayenda dzanja ndi dzanja, aliyense akuwerenga nkhope zisanu ndi imodzi n'kuigwedeza. Ndaona anagwada ngati akutola chiguduli, nagwira mkono wa bambo ake pang'ono, n'kuusiya.

Chitsulo cha gudumu chimene chinali belu la sukuluyo chinali chitalira kalekale. Ba Mwape anabweza ana m'kalasi, natulutsa m'chikwama chawo kabokosi ka machesi ndi batire la tochi. Analoza kamtsikana kamene sikanayankhule tsiku lonse, nakafunsa banja la chilichonse ndi chiwerengero cha nkhope zake. Kanayankha motsitsa, koma molondola. Kenaka anatulutsa anawo, natsala ndi Ndaona. Ba Whyson, akulonga zida panja, anamva zonse kudzera pa zenera lija.

"Mwapyola nthawi ndi mphindi makumi awiri ndi zisanu," anatero ba Mwape. "Mwayankhula Chinyanja kwambiri, pamene mayeso adzabwera m'Chingerezi. Mwabwera ndi zipangizo zosatha. Mwayatsa moto pakati pa ana."

"Inde, mayi."

"Pamene mwana uja anati zisanu, munaganiza chiyani?"

"Ndinaganiza zomuuza kuti walakwa. Koma sanalakwe."

Ba Mwape anaimirira. Anatseka kope n'kutuluka. Podutsa pa wilibala anaima, nafunsa ba Whyson ngati amakonzanso maketulo odontha, n'kupita.

Masabata atatu anali aatali. Ndaona ankati walephera, ndipo anayamba kufunsa za ntchito ya m'nyumba ku mayadi. Ba Whyson anatseka zinthu zisanu zotsala zija chimodzichimodzi, masana, ana akubweretsa miyala malinga ndi nsonga. Ya silinda inavuta, popeza ilibe nsonga, mpaka anagwirizana kuti aikemo njere ya chimanga kuti isakhale yokha.

Kalata inabwera Lamulungu, ndipo mkulu wa mpingo anaiwerenga pambuyo pa zolengeza. Malo aja anapatsidwa Ndaona Chikuse. Lazarous anali woyamba kudzamugwira chanza. Azimayi analulutira, ndipo ba Whyson anaseka mpaka chibwano chinawawa. Ali m'njira yobwerera kunyumba ndi pamene anafunsa kuti sukuluyo ndi ya miyezi ingati.

"Zaka ziwiri, Atate. Kenaka boma limatumiza kumene lafuna."

"Kumene lafuna," anabwereza ba Whyson. "Chabwino. Ana ali ponseponse."

Mu Januwale anamuperekeza ku siteshoni ya mabasi a ku Chipata, mvula ikuwaza, atasenza thiranki ya lata yoikamo zovala imene anakhoma okha. Inali yaikulu kuposa katundu wa Ndaona, moti kondakitala anafunsa ngati m'katimo muli munthu wina wozemba tikiti. Ba Whyson anaimirira mpaka anyamata a pamwamba pa basi anaimanga moongoka n'kuifunditsa tenti, akuwakalipira kuti asaipondere.

Ndaona anapeza mpando wa pa zenera, natulutsa mutu.

"Muzidya, Atate. Zitumbuwa si chakudya."

"Ndamva."

"Mankhwala a maso ali pa shelefu. Malaya a kutchalitchi muzipereka kwa ba Felistus, musamasite nokha."

"Ndamva, mayi. Lowetsa mutu, unyowa."

Basi inayamba kuyenda pang'onopang'ono pakati pa matope ndi ogulitsa mabanzi. Ba Whyson anayenda nayo pambali, dzanja lili pa lata lake lonyowa, akumuuza kuti mahinjesi a thiranki amafuna kadontho ka mafuta mwezi uliwonse, ndiponso kuti akafika alembe kalata ya zilembo zikuluzikulu. Anayenda choncho mpaka pa geti, pamene dalaivala anasintha giya.